Ndinalemba azakhali ngati bwana wanga wakale

Aphungu,

Ayi, sanandithamangitse. Ndayamba ndi yankho chifukwa aliyense amene wamva nkhaniyi funso lake ndi lomwelo: "Ndiye anakuthamangitsa?" Sanandithamangitse, ndinatuluka ndekha ndi miyendo yangayi, kungoti ndinaphonya chitseko n'kutsegula kabati ya maovolosi. Koma dikirani ndiyambire poyambira, mungandiyese wamisala.

Ndine mtsikana wa zaka 24. Ndili ndi dipuloma ya kayendetsedwe ka bizinesi, ndipo ndinakhoza bwino ndithu. Chithunzi cha tsiku lolandira satifiketi chili pakhoma kwathu, chachikulu kuposa kalendala. Zaka ziwiri tsopano ndikulemba makalata ofunsira ntchito. Ndalemba, ndalemba, mpaka mayi wa pa fotokope akangondiona amafunsa kuti, "Angati lero?" Kulikonse nyimbo ndi imodzi: akufuna munthu amene anagwirapo ntchito zaka ziwiri. Nanga ntchitoyo ndikaigwirire kuti ngati nonse mukufuna amene anagwirapo kale? M'mimba mwa amayi?

Ndiye mwezi watha fakitale ina yosoka zovala za ntchito, maovolosi, mayunifolomu a alonda ndi a manesi, inalengeza kuti ikufuna kalaliki wolandira maoda. Ya muofesi, Aphungu! Mpando wozungulira! Ndinathamangira kwa msuweni wanga, mwana wa azakhali, amene tonse timamuitana kuti Pulofesa. Pulofesa sanalembedwepo ntchito chibadwire, koma palibe chimene sachidziwa pa nkhani ya intavyu. Anatenga sivi yanga, pepala lija timalembapo za sukulu ndi ntchito zimene tinagwirapo, n'kupukusa mutu ngati dokotala amene waona zoopsa. Akuti, "Msuweni, apa palibe munthu. Pakufunika kampani."

Masana omwewo kampani inabadwa. Dzina lake mawu atatu a Chingerezi, aatali, oti uyenera kupuma pakati powatchula. Ine ndinakhala wachiwiri kwa mkulu woyendetsa ofesi, zaka ziwiri ndi theka. Manijala wamkulu, woti aziimbiridwa foni wina akafuna kumva za ine, tinalemba azakhali. Azakhali anga amaweta nkhuku za mazira kuseri kwa nyumba yawo. Ofesi imene analowamo ndi ya kuchipatala basi.

Tinawaphunzitsa masiku atatu. Pulofesa ankaimba ali kukhitchini, iwo n'kumayankha ali pabalaza: "Haloo, ndine manijala wamkulu. Mtsikanayo ndi wakhama, wosunga nthawi, tinamutaya ndi chisoni." Tsiku lachitatu anafika pomalankhulira m'mphuno, mwendo atausanjika pa unzake. Tinawaombera m'manja.

Tsopano pali chinthu chimene sindinalembe pa siviyo, ndipo sindinaiwale ayi, ndinachisiya dala. Amayi anga ndi telala. Ali ndi kashopu ka chipinda chimodzi: makina awiri opalasa ndi mapazi, tebulo lodulirapo nsalu, ayironi ndi galasi long'aluka pakona. Ndinakulira pansi pa tebulo limenelo ndikutola mapini. Chaka chatha amayi anachitidwa opaleshoni ya maso, miyezi isanu osaloledwa kugwira singano, ndipo shopu ndinkayendetsa ndine, ndi atelala awiri aganyu. Ndinaganiza kuti fakitale yosoka ikangomva kuti ndine mwana wa telala, basi, andiloza mpando wa pamakina. Ine ndinapita kukoleji kuti ndithawe ulusi, Aphungu, osati ndikakumane nawonso kutsogolo.

Tsiku la intavyu ndinavala jekete la mnzanga, lothina m'khwapa moti sindikanatha kukweza dzanja ngakhale apolisi akanandiuza, ndi nsapato za gogoda. Anandilowetsa m'kaofesi kakang'ono ka zenera lalikulu loyang'ana mufakitale, makina akulira mbali inayo. Munali anthu awiri. Manijala, mayi wamfupi wa magalasi a chingwe, ndi bambo wina, mkulu wa odula nsalu, tepi m'khosi, choko atachipanikiza kukhutu. Bambowo ndiwatcha a Choko.

Poyamba zinkayenda, kapena ine ndinkaona ngati zikuyenda. "Tiuzeni za inu." Ndinalakatula monga anandiphunzitsira Pulofesa, kuti ndine munthu wa masomphenya, wotha kugwira ntchito pagulu komanso pandekha, pansi pa chipsinjo chilichonse. "Chofooka chanu n'chiyani?" Ndinayankha mosaphethira: "Ndimakonda ntchito mopitirira muyezo." A Choko anatsokomola.

Kenako manijala anafunsa kuti, "Kukampani kwanu kuja, oda ikabwera munkayamba ndi chiyani?"

Ine: "Ndinkaonetsetsa kuti kasitomala ndi wokhutira."

"Inde, koma munkayamba ndi chiyani?"

Ine: "Ndi kumwetulira."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Kenako anatenga foni, naika chala pa nambala ya pa sivi. "Ife kuno sitidikira," anatero. "Timaimba munthu ali pomwepo." Anaitsegula mokweza n'kuiika pakati pa tebulo. Mumtima ndinati, azakhali, nthawi yanu ndi ino, musandichititse manyazi.

Choyamba kuyankha sanali azakhali. Zinali nkhuku. Nkhuku mazana awiri, Aphungu, zonse ndi maganizo awo. Kenako mawu a azakhali, osati a m'mphuno aja, awo enieni: "Haloo! Ndinu a chakudya cha nkhuku? Matumba anga ali kuti? Mwandinamiza kuyambira Lolemba, anthu opanda manyazi inu!"

Manijala modekha anatchula dzina la fakitale, natchulanso langa. Nkhuku zinapitiriza msonkhano wawo. Kenako azakhali: "Ooo! Dikirani, dikirani. Ndine manijala wamkulu!" Ndipo osatseka foni ndi dzanja, anakuwa: "Iwe Pulofesa! Kampani yathu ija dzina lake ndi chiyani?"

Ndinafa, Aphungu. Amene akulemba kalatayi ndi mzimu. A Choko anatembenukira kuzenera, mapewa akugwedezeka, choko chinagwa kukhutu. Ine thukuta lili kamukamu m'jekete la eni ake.

Manijala sanaseke. Anati, "Amayi, siyani za kampani. Mtsikanayu mumamudziwa bwanji?" Azakhali anapumira m'mwamba ngati munthu amene amutula katundu. "Ameneyo? Ndi mwana wa achimwene anga, ndinamusambitsa ali khanda. Za kampanizo ndi mwana wangayu, mutu wake sukuyenda bwino. Koma mtsikanayo musamuone choncho. Amayi ake atadwala maso, ndi iyeyo anagwira shopu. Mayunifolomu a sukulu yonse ya mkaka ndi pulayimale, ana 180, palibe ndi imodzi yomwe inabwezedwa. Kudzuka kokha ndiye amavuta. Ndiye matumba anga simukuwadziwa?"

Foni itatsekedwa ndinkayembekeza kuti aitana mlonda. M'malo mwake manijala anatembenuza sivi yanga chafufumimba n'kuyamba kundifunsa za shopu.

"Ana 180 miyezo yawo munkailemba pati?" Ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti m'kope. "Nanga ana awiri akafanana maina?" Ndinati ndinkalemba kalasi ndi dzina la kholo, kenako n'kupatsa mwana aliyense nambala, nambala yomweyo n'kuilemba ndi choko pa nsalu yake ikangodulidwa. Apa a Choko anatembenuka, nalankhula koyamba: "Nsalu sinakuthereni pakati?" Ndinati inatha, ndipo mpukutu wachiwiri unabwera wabuluu wotuwirako pang'ono. "Ndiye munatani?" Ndinati sindinalole kuti adule. Ndinatenga tiziduswa tiwiri n'kupita nato kwa ahedi a sukuluyo, anasankha kudikira masiku anayi kuti ibwere yofanana, ndipo anasainira m'kope momwemo.

A Choko anayang'ana manijala. Manijala analemba kenakake. Ndipo ine, chitsiru chophunzira, nditaona kuti nkhani yatsika kwambiri, yafika pa choko ndi tiziduswa, ndinaganiza zoikweza. Ndinawongola jekete n'kunena kuti, "Koma kwenikweni ine ndine munthu wa masomphenya."

Manijala anavula magalasi. "Mubwere Lachisanu la sabata ya mawa, 9 koloko. Mubwere ndi umboni wa ntchito imene munagwira." Ndinathokoza kanayi, ndinagwada pang'ono osadziwa chifukwa chake, ndinatembenuka, ndipo ndi pamene ndinatsegula kabati ija.

Ndikufika kunyumba n'kuti azakhali ataimbira kale amayi, atawafotokozera zonse, iwo akudzitama kuti anditsegulira mwayi. Amayi ndinawapeza pamakina. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangofunsa osadzutsa mutu kuti, "Ndiye papepala lakolo panali malo a kampani ya nkhuku, koma a shopu ino panalibe?" Kuchokera tsiku limenelo timangolankhulana za mchere ndi makiyi.

Pulofesa ndiye sanagonje. Dzulo wabwera ndi envulopu. M'katimo muli kalata yaumboni ya kampani ija, yotayipa bwino, ya chizindikiro pamwamba, ndi chidindo chozungulira chimene wakasemetsa kwa munthu wina. Ikuoneka yeniyeni kuposa dipuloma yanga. Akuti ndikanene kuti manijala wamkulu anapuma pantchito, akudwala matenda oiwalaiwala, nkhukuzo amangodzisangalatsa nazo. Akuti, "Msuweni, mabwana amafuna mapepala. Ukapita ndi kope la mayi ako akakuseka mpaka pageti."

Ndipo kopelo mukanaliona, Aphungu. Chikuto chinachoka, amayi anachimata ndi nsalu ya maluwa. Muli madontho a mafuta a makina, tiziduswa tobaya ndi mapini, masamba oyamba ndi zolemba za amayi zopendekera, kwinako zanga. Tsamba lina ndinajambulapo nkhope ya kholo lina limene linkandivutitsa, ndi nyanga.

Ndiye ndithandizeni. Lachisanu ndipite, kapena akungofuna kuti aitane anzawo adzaone mtsikana wa nkhuku? Ndikapita, nditenge envulopu kapena kope? Nanga mabwanawa kwenikweni amafuna chiyani, poti dipuloma yanga sanaifunse ndi kamodzi komwe? Ntchitoyi ndikuifuna, Aphungu, ndikuifuna zedi. Za mmene chidendene cha gogoda chinatsalira pageti pawo ndidzakuuzani tsiku limene ndidzathe kuziseka.

T. M.,
wa kuseri kwa shopu ya telala

T. M. mwanawe,

Ndaseka, sindikubisira, mpaka mnzanga wa desiki yoyandikana anabwera kudzaona ngati ndili bwino. Azakhali ako undiperekere moni. Pa anthu nonse amene munakonza nkhaniyi, ndi iwo okha amene anakugwirira ntchito yabwino, ndipo anaigwira pamene anaiwala zimene munawaphunzitsa.

Tsopano tisiye kuseka. Unanama. Bodzalo usalitche dzina lina, usamukankhire Pulofesa, pepalalo linali ndi dzina lako. Ndinakhalapo mbali inayo ya tebulo zaka zingapo, ndikulemba anthu ntchito, ndipo ndikuuze kuti mabwana ambiri akanakutulutsa nkhuku zisanamalize kulira. Ameneyu sanatero. Mwayi wotere subwera kawirikawiri, ndiye usauseweretse.

Lachisanu upite. Munthu amene makina akumudikira mbali inayo ya zenera alibe nthawi yoitana mtsikana kawiri kuti adzamuseke. Akanafuna kuseka akanaseka tsiku lomwelo, mpata unalipo wokwanira.

Wafunsa kuti mabwana amafuna chiyani. Yankho lili m'kalata yako yomweyi, kungoti unali kalikiliki ndi masomphenya. Werenga mafunso amene anakufunsa atatembenuza sivi ija. Miyezo munkailemba pati? Maina akafanana? Nsalu itatha munatani? Onsewo ndi funso limodzi: zinthu zikasokonekera ine kulibe, mtsikanayu adzatani? Kalaliki wa maoda akalakwitsa nambala imodzi, maovolosi mazana amadulidwa molakwika, ndipo nsalu yodulidwa sibwerera pampukutu. Iwe unaimitsa sizasi, unanyamula tiziduswa tiwiri, unakafunsa mwini oda, unamusainitsa. A Choko atayang'ana manijala paja, ankamuuza kuti munthu uja tikumufuna ndi uyu. Dipuloma sanaifunse chifukwa anaiona kale, ndi imene inakulowetsa pakhomo. Onse amene anaitanidwa ali nayo. Chimene ankafufuza ndi chimene enawo alibe, ndipo iwe unachibisa ngati chilonda.

Koma pali chinthu china chimene amafuna kuposa luso, ndipo pamenepo ndi pamene wagwa: munthu woti akanena kanthu, bwana asadzukenso kukaona yekha ngati n'zoona. Lachisanu akukayesa chimenecho. Mayi uja akudziwa kale kuti kampani kulibe, anamva ndi makutu ake. Akufuna aone ngati ubwere ndi bodza lachiwiri.

Ndiye envulopu ija ing'ambe lero, ndipo chidindocho uuze Pulofesa achitaye. Sivi yonama ndi manyazi, koma kalata yopeka ya chidindo chosema ndi mlandu wa kupolisi. Ndipo taganiza, ukufuna ukauze anthu kuti azakhali ako, amene anakusambitsa uli khanda, mutu wawo unasokonekera, kuti iwe uoneke bwino? Msuweni wakoyo umukonde, uzidya naye, koma pa nkhani ya ntchito usamufunsenso. Munthu amene sanalowepo m'chipinda chimenecho asakuphunzitse mokhalira m'menemo.

Lemba sivi ina, ya tsamba limodzi. Kampani ya mawu atatu ichoke. M'malo mwake ulembe zoona, mosakometsera: unayendetsa shopu yosoka miyezi isanu, unkayang'anira atelala awiri, unalandira ndi kupereka oda ya mayunifolomu 180. Manambala amenewo amalankhula kuposa mawu onse aja unaloweza. Pa anthu okuchitira umboni ulembe ahedi a sukulu ija ndi mmodzi wa atelala aja. Koma upite kaye ukawapemphe, uwauze ntchito imene ukufunsira, ndipo usawaphunzitse chonena. Waona kale mmene maphunziro otere amathera. Ahedi akavomera kukulembera kakalata ka mizere itatu, ndi bwino kwambiri.

Ukakalowa, usadikire kuti akufunse. Ukanene wekha, mwachidule: "Pa sivi yoyamba ija ndinalemba zabodza, ndinalakwa, pepani. Yoona ndi iyi." Basi. Usalire, usagwade, usafotokoze mbiri ya Pulofesa. Kenako uike kope patebulo. Usalikonze, usalikopere m'buku latsopano, madontho a mafutawo ndi amene akusonyeza kuti linagwiradi ntchito. Utsegule pa tsamba limene ahedi anasainira. Tsamba la nyanga lija ulibaye ndi pini pamodzi ndi linzake, ndipo akalitsegulabe, uvomere kuti ndiwe unajambula.

Akakufunsa funso, uyankhe funsolo. Akati munkayamba ndi chiyani, utchule chinthu chimene dzanja lako linkagwira poyamba. Chimene sukuchidziwa unene kuti sindikuchidziwa, koma ndiphunzira. Ndipo nawe ukhale ndi funso limodzi la ntchito, monga lakuti oda ikalandiridwa muofesi imafika bwanji patebulo la odula nsalu. Uvale jekete loti ungathe kupumiramo, ndi nsapato zimene zibwerere kunyumba zonse ziwiri. Azakhali ananenanso kuti kudzuka umavuta, ndipo manijala anamva. Hafu pasiti eyiti ikakupeze pageti.

Za mantha ako a pamakina, anaitana kalaliki, sanaitane telala. Kalaliki amene amadziwa kusiyanitsa buluu ndi buluu mnzake odula nsalu sangamunamize, ndipo makasitomala sangamuzunguze. Ngati mtima sukukhazikika, ufunse mwaulemu kuti ntchitoyo tsiku ndi tsiku ndi yotani, akuuza.

Ndikuchenjeze, kuti usadzati sindinanene: atha osakulemba. Bodza lija lili ndi mtengo wake, ndipo mwina uulipira Lachisanu. Zikatero usabwerere kwa Pulofesa. Udzatuluka ndi sivi yoona imene ungapite nayo kulikonse foni n'kuimbidwa iwe uli phee. Koma ukapita ndi envulopu, ntchito sudzaipeza, ndipo dzina lako lidzayenda m'mafakitale onse mofulumira kuposa makalata ako.

Chomaliza, ndipo uyambe ndi chimenechi. Kope lija si lako. Masamba oyamba ndi a amayi ako, chikuto anamata ndi iwo. Usalitulutse m'shopu mozemba. Uwapeze pamakina paja, utenge sivi yatsopano, uwawerengere mokweza mzere umene pali dzina la shopu yawo, poti maso awo sanalimbe kwenikweni. Ukamaliza, uwabwereke kopelo.

Aphungu